Mafunso a Oimba: Situdiyo ya M'nyumba ya Malata

Kalata yoyamba ndi ya mayi a kwaya ku Dedza boma. Akufunsa ngati nyimbo yojambula pafoni angapite nayo ku wailesi. Ayi mayi, foniyo izikuthandizani poyeserera basi. Wina wa ku Lobi akufunsa za bungwe la COSOMA. Kalembetseni nyimbo zanu musanazimwaze pa WhatsApp, ndimanena sabata ndi sabata.

Tsopano iyi ya mnyamata wa ku Linthipe. Akuti alipo asanu, magitala ndi ng'oma ali nazo, koma ndalama yokajambulira ku Lilongwe palibe, ndipo nyumba yawo yamalata imalira kwambiri. Akuti kodi angosiya?

Musiyirenji achimwene? Tamverani. Mu Disembala 1971, gulu la ku Britain la Deep Purple linapita ku Montreux, ku Switzerland, kukajambula chimbale cha Machine Head. Holo yomwe ankaidalira inapsa iwo akuona, woimba wina, Frank Zappa, ali mkati moimba. Atasamukira pena, aneba anawaitanira apolisi chifukwa cha phokoso. Mapeto ake anajambulira m'kanjira ka pakati pa zipinda mu hotela ina yopanda alendo, atatchinga ndi matiresi, makina ali panja m'galimoto ya gulu la Rolling Stones. Kuti akamve zomwe ajambula ankadutsa m'zipinda ndi m'makonde, m'chisanu choposa cha ku Dedza mu Juni, mpaka anagwa nazo ulesi n'kumangodalira makutu awo. Chimbalecho chinatuluka mu 1972, ndipo nyimbo ya Smoke on the Water ili momwemo.

Chinawapulumutsa n'chiyani? Anali atazolowerana poimba. Apa m'pamene ana inu mumandikhumudwitsa. Mumafika ku situdiyo gitala yosachuna, wa besi sakudziwa polowera kolasi, mumvekere "akonza pakompyuta". Kompyuta siikonza ulesi! Ndalama ikupita inu mukukangana za vesi yachiwiri. Alleluya Band ya ku Balaka ilipo kuyambira 1978, mukuyesa yasungidwa ndi kompyuta?

Ndiye inu a ku Linthipe, yesererani kaye mpaka aliyense aziimba osayang'ana mnzake. Kenako kolekani mabulangete ndi mphasa m'makoma, matiresi pawindo loyang'ana ku M1. Jambulani usiku mathiraki atachepa, ndipo dzinja likafika iwalani, mvula pamalata simungapikisane nayo. Amfumu ndi aneba muwauziretu.