Kutseka Kunsi kwa Nyumba Kuti Chinyontho ndi Chiswe Zisalowe

Nyumba zambiri za ku America, makamaka m'zigawo zotentha monga North Carolina ndi Georgia, pansi pake ndi pa matabwa. Zimakhala pa kakhoma kakafupi ka maziko, ngati mmene nkhokwe imakhalira pa miyala. Pakati pa dothi ndi matabwawo pamatsala mpata woti munthu amalowamo chokwawa. Mmenemo mumadutsa mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi.

Dothi limatulutsa chinyontho usana ndi usiku, ngakhale pamwamba pake paoneke pouma. Kale amisiri ankasiya timazenera m'khomalo poganiza kuti mphepo iziumitsa kunsiko. Koma nyengo yotentha mpweya wakunja umakhala wachinyezi. Ukalowa kunsi kozizirako, chinyezicho chimasanduka madontho pa mapaipi ndi pa matabwa, monga mmene botolo lochokera m'firiji limachitira thukuta. Matabwa amachita chuku n'kuyamba kuola. Chiswe, mphemvu ndi makoswe zimapezapo mudzi.

Ntchito yotseka imayambira kunja. Madzi a padenga amawalozera kutali ndi khoma, ndipo nthaka yozungulira nyumba amaipendeketsa kuti mvula isadikhe pamaziko. Kuyala pulasitiki madzi akulowabe n'kungotaya ndalama.

Kenako amatola miyala yakuthwa ndi zidutswa za matabwa, poti matabwawo ndiye ndiwo za chiswe. Amayala pulasitiki wochindikala, wosachepera mamilimita 0.15, pa dothi lonse. Ndi nzeru yomwe ija ya amisiri a ku Malawi, oyala pulasitiki wakuda asanathire konkire. Pokumana mapepala awiri amawasanjikiza masentimita 15 n'kumata ndi tepi, ndipo m'mphepete amakwezera pakhoma. Timazenera tija amatitseka. Mipata ya m'mbali mwa mapaipi amaitseka ndi sefa wachitsulo ndi simenti, chifukwa mbewa ya m'nyumba imatha kulowa pabowo lokula ngati pensulo. Ambiri amaikamonso makina oumitsa mpweya, kuti chinyezi chisapitirire 60 peresenti.

Pulasitiki sapha chiswe, ndipo akhoza kuchibisa. N'chifukwa chake ku North Carolina safikitsa pulasitiki pamwamba penipeni pa khoma: amasiya pamtetete masentimita pafupifupi 8. Chiswe chikamakwera chimamanga timisewu ta dothi, ndipo woyendera nyumba akalowa ndi tochi amationa pomwepo chisanafike pa matabwa.