Phunziro la Mwezi Uno: Kusamala Nyumba Mvula Isanadze

Chaka ndi chaka mvula ikayamba m'mwezi wa Novembala kapena Disembala, kumamveka mbiri ya nyumba zogwa m'midzi ya boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning. Kwina mphepo yasasula denga la sukulu, kwina chipupa chagwera katundu, kwinanso chimbudzi chatitimira. Anthu amati ndi tsoka. Koma munthu akaiyang'ana bwino nyumba yogwayo, kawirikawiri apeza kuti inayamba kuonongeka kalekale, ndipo mwini wake anaona, koma anazengereza.

Anthu a kwa Mkanda, kwa Mlonyeni, kwa Zulu, kwa Mavwere ndi kwa Dambe ndi alimi akhama. Ndalama za mtedza, fodya, soya ndi chimanga azipeza movutikira kamodzi pachaka. Nzachisoni kuti ndalama zotere zithere pa kumanganso nyumba imene ikadapulumuka ndi mtolo umodzi wa udzu kapena misomali yochepa. Adani a nyumba alipo atatu: madzi, chiswe ndi mphepo.

Mdani woyamba: madzi

Anthu ambiri sadziwa kuchuluka kwa madzi amene denga limalandira. Chiwerengero chake nchapafupi. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa malo a mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, madzi ake akwana lita 1. Tsono denga la mamita 6 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, pa mvula yamphamvu ya mamilimita 25, lilandira malita 600, ndiwo ndowa 30 za malita 20. Chaka chimene mvula yakwana mamilimita 1,000, denga lomwelo lilandira malita 24,000, ndiwo migolo 120 ya malita 200. Madzi onsewa ayenera kupita kwina. Akapanda kupeza njira yabwino, alowa m'chipupa.

Nyumba ya udzu iyenera kuonedwa chaka chilichonse. Udzu wofolera udulidwe utakhwima, m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, moto usanapite m'tchire, ndipo usungidwe pa thandala, osati pansi. Denga likhale lotsetsereka ndithu kuti madzi asachedwepo, pakuti udzu wokhalitsa ndi chinyezi uola msanga. Amene ayala pulasitiki pansi pa udzu akumbukire kuti pulasitiki imang'ambika ikakalamba, ndipo siilowa m'malo mwa udzu wokwanira.

Mwini nyumba ya malata alowe m'nyumba masana, atseke chitseko ndi mazenera, ayang'ane kumwamba. Paliponse pamene paoneka kuwala, pamenepo padzadontha. Kabowo kakang'ono katsekedwe ndi phula kapena kachigamba ka lata. Misomali ikhomedwe pamsana pa mizere ya lata, osati m'makwawa m'mene muyenda madzi. Masamba ogwera padenga asesedwe, pakuti amasunga chinyezi ndi kuitana dzimbiri.

Denga lipitirire chipupa ndi masentimita 60 kapena kuposa, kuti mvula isamenye khoma. Nyumba ya mdindo kapena ya zidina imayamba kudyeka m'munsi, pamene madzi ogwa kudenga amathovukira. Chotero khonde likwezedwe ndi kuzira bwino ndi mtsiro, ndipo kunja kwake kukumbidwe ngalande yotengera madzi kutali, makamaka kumbali yochokera kumtunda. Midzi ya m'mbali mwa madambo a mitsinje ya Bua ndi Rusa isamale koposa, chifukwa nthaka yake imasunga madzi nthawi yaitali.

Mng'alu wa m'chipupa usanyozedwe. Waung'ono umatidwe pomwepo ndi dothi lokanda bwino. Ngati nyumbayo ndi ya njerwa zootcha, muyeso 1 wa simenti usakanizidwe ndi miyeso 5 kapena 6 ya mchenga woyera. Pomatapo payambe panyowetsedwa kuti simenti igwire. Koma mng'alu ukamakula mwezi ndi mwezi, kapena ukabweranso utamatidwa, ndiye kuti vuto lili pa maziko, ndipo nkofunika kuitana mmisiri. Akulu anati safunsa anadya phula. Ming'alu ndiyonso nyumba ya nsikidzi, mphemvu ndi nkhufi, tsono woimata ateteza ana ake ku matenda.

Mdani wachiwiri: chiswe

Chiswe chimagwira ntchito mobisika. Phaso lioneka labwino kunja pamene m'kati mwatsala fumbi lokha, monga chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chizindikiro chake ndi timisewu tadothi tokwera m'chipupa kuchokera pansi. Chiswe chimaopa dzuwa ndi mphepo youma, nchifukwa chake chimadzimangira njira zophimbazo. Munthu akaziona azikande tsiku lomwelo, ndipo alondole kumene zachokera.

Kamodzi pamwezi mwini nyumba agogode mapaso, mitanda, nsichi ndi mafelemu a zitseko ndi chigwiriro cha mpeni. Mtengo wabwino umalira mogwira, wodyeka umalira ngati ng'oma. Wodyeka uchotsedwe msanga usanapatsire anzake. Nkhuni, mapesi ndi matabwa zisatsamire khoma, pakuti ndizo ulalo wa chiswe. Zitsa zotsala pafupi ndi nyumba zizulidwe. Mitengo yatsopano isendedwe makungwa, iume, ndi kupakidwa mankhwala otetezera matabwa isanakwere padenga. Mankhwala otere ndi poizoni. Asungidwe kutali ndi ana ndi chakudya, ndipo malangizo a pa botolo atsatidwe.

Makolo ankamangira mitengo yolimba monga muwanga, imene chiswe sichiilowa msanga. Lero mitengo yotere yachepa, ndipo lamulo la nkhalango la chaka cha 1997 liletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa, monga ya m'mapiri a Mchinji, popanda chilolezo. Ambiri tsopano amangira bulugama ndi paini, zimene chiswe chimadya mosavuta. Ichi ndi chifukwa china chosamalira mitengo imene ili kale padenga, ndi kubzala ina pakhomo.

Mdani wachitatu: mphepo

Mvula yoyamba imadza ndi mphepo yamkuntho. Mphepo ikalowa pansi pa lata limodzi logwedera, imalitukula, ndipo lata limenelo likoka anzake. Ena amasanjika miyala ndi njerwa padenga. Njira imeneyi ndi yoopsa, pakuti mwala ukagubuduka ukhoza kugwera mwana, ndiponso pansi pa mwala pamachita dzimbiri. Chofunika ndi kukhoma misomali yonse imene yazuka, ndi kumanga mitengo ya denga ku chipupa ndi waya wolimba wolowa m'kati mwa njerwa. Denga la udzu limangidwenso ndi luzi latsopano pamene lakale laduka. Nthambi zolendewera pamwamba pa nyumba zidulidwe m'chilimwe.

Chimbudzi, nkhokwe ndi chigafa

Nyumba zazing'ono za pakhomo zimaiwalika, koma kugwa kwake kumapweteka kwambiri. Chimbudzi chopanda denga chimadzala madzi, dzenje ligumuka, ndipo zonyansa zikokolokera ku zitsime. Mliri wa kolera umene unayamba m'Malawi m'chaka cha 2022 ndi kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700. Chotero chimbudzi chifoleredwe, mitanda ya pansi iyesedwe ngati ikali yolimba, pabowo pakhale chivundikiro, ndipo chatsopano chikumbidwe mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime.

Nkhokwe yodontha imaoletsa chakudya cha chaka chonse, ndipo mtedza ndi chimanga zikachita chuku zimadwalitsa anthu. Denga lake ndi miyendo yake zionedwe zokolola zisanalowe. Chigafa nacho chikonzedwe fodya asanayambe kuthyoledwa, chifukwa fodya wonyowa ndi mvula amatsika mtengo kumsika.

Ntchito iliyonse ndi nyengo yake

Epulo ndi Meyi: kuyendera nyumba yonse mvula itangotha, ndi kukumbukira paliponse pamene panadontha.

Juni ndi Julayi: kudula udzu ndi kuumba njerwa. Ino ndiyo nthawi imene ndalama za zokolola zili m'manja. Munthu wanzeru apatula pang'ono za misomali, waya ndi simenti asanapite ku msika wa pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Waliranji kukagula zina.

Ogasiti ndi Seputembala: kufolera, kumata zipupa ndi kusintha mitengo yodyeka.

Okutobala: kukumba ngalande ndi kukweza khonde. Chizimalupsa chikagwa, ndiyo nthawi yoyesa denga. Podontha pakonzedwe m'mawa mwake.

Novembala kufikira Malichi: kuchotsa zinyalala m'ngalande mvula yaikulu ikatha, ndi kuyang'anira chiswe.

Amene adikira mpaka Disembala apeza udzu utapsa kutchire, amisiri atatanganidwa, ndipo iye mwini ali pa kupalira.

Mau kwa aphunzitsi ndi mafumu

Nyumba ya sukulu, ya mphunzitsi ndi ya chipatala chaching'ono ndi za mudzi wonse, tsono nkwapafupi kuti aliyense ayembekeze mnzake. Komiti ya sukulu iyenera kuyendera nyumba zonse kawiri pachaka ndi kulemba m'buku zimene yapeza. Anyakwawa akumbukirenso nkhalamba ndi amasiye amene alibe wowakwerera padenga. Achinyamata a m'mudzi akhoza kuwafolerera tsiku limodzi. Aphunzitsi angagwiritse ntchito mafunso awa m'kalasi:

1. Tchulani adani atatu a nyumba.

2. Denga la mamita 8 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi lilandira malita angati pa mvula ya mamilimita 20?

3. Chifukwa ninji misomali iyenera kukhomedwa pamsana pa mizere ya lata?

4. Munthu adziwa bwanji kuti phaso ladyeka ndi chiswe?

Mwana aliyense akayankha mafunsowa, apite kwawo akayendere nyumba ya makolo ake, ndipo abwere kudzanena zimene waona.