Msana Wosasiya Kupweteka: Madzi Amathandiza, Koma Amanamiza

Munthu akaima m'madzi ofika m'chiuno, miyendo ndi msana zimanyamula pafupifupi theka la kulemera kwa thupi lake. Madzi akafika pachifuwa, katunduyo amatsika kufika gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake a fizo amakonda dziwe kwa munthu amene msana wamuvuta kupitirira miyezi itatu, woti ngakhale kumanga zingwe za nsapato amachita kuusa moyo.

Mu 2022, magazini ya JAMA Network Open inafalitsa kafukufuku wa ku Shanghai wa anthu 113. Ena ankachita masewero m'madzi ola limodzi, kawiri pa sabata, kwa miyezi itatu. Ena ankathandizidwa ndi makina amagetsi ndi otenthetsa. Patatha chaka, a m'madzi aja anali akupezabe bwino kuposa anzawo.

Koma si msana uliwonse wofunika dziwe. Wodwala amene akutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda apite kaye kuchipatala, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Amene wachita dzanzi pakati pa miyendo kapena mkodzo ukumupulumuka apite tsiku lomwelo. Wa khunyu, wa vuto la mtima ndi wa bala losapola afunse dokotala.

Malo abwino ndi dziwe losambiramo la pahotelo kapena pakalabu, pomwe pansi m'posalala. Polowa amalipira ndalama, malinga ndi malo. Ku nyanja n'kwaulere, inde, koma m'madzi odekha a m'mabango muli nkhono za likodzo, ndipo m'madera ena muli ng'ona ndi mvuu.

Akalowa m'dziwe, aime pamene madzi akufika pachifuwa. Ayambe n'kuyenda, osati kusambira: mphindi zisanu kupita kutsogolo, kenako chafutambuyo, kenako cham'mbali ngati nkhanu. Chidendene chiziponda pansi, mimba ikhale yokungika pang'ono. Akatero agwire m'mphepete mwa dziwe, akweze bondo limodzi kulinga pachifuwa ka 10, asinthe mwendo. Kusambira ngati chule mutu uli m'mwamba akusiye kaye, kumapinda msana malo omwe akupwetekawo.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa nthawi yotuluka. Madzi amabisa ululu. Munthu amene wakhala chaka akutsimphina amadzimva ngati mnyamata, ndiye amapitiriza ola lathunthu, kudumphadumpha, kupotoza chiuno. Mawa lake akulephera kudzuka pabedi, n'kuyamba kuuza anthu kuti madzi anamuwonjezera matenda. Anadziwonjezera yekha.

Sabata yoyamba mphindi 15 kapena 20 n'zokwanira. Atuluke akadali ndi mphamvu, ngakhale mtima ukunena kuti ndalama yolowera yapita pachabe. Ndalamayo ndiyo imapusitsa anthu, amafuna kuidyerera mpaka tambala yomaliza. Atuluke basi. Muyeso weniweni ndi wa m'mawa wotsatira: kuphwanya kwa minofu kotha pasanathe tsiku n'kwabwinobwino, koma ululu wotsikira kumwendo kapena wokhala masiku awiri ukusonyeza kuti anapyola malire, ndipo ulendo wotsatira achepetse ndi theka. Zikayenda bwino, awonjezere mphindi zisanu pa sabata, osati 30 chifukwa choti dzuwa lawala.

Mnzake wonena kuti ululu ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito asamumvere. Asamverenso wa malangizo akale aja oti wodwala msana azingogona pamphasa. Kugona masiku ambiri kumafooketsa minofu yomwe imagwira msanawo.

Potuluka akwere makwerero pang'onopang'ono atagwira chitsulo, chifukwa kulemera konse kumabwerera pamsana kamodzin'kamodzi. Ndipo masiku amene sali kudziwe aziyenda pansi mphindi zingapo, popeza ndowa ya madzi ndi thumba la chimanga adzazinyamulira pamtunda.