ULENDO WA KU NYANJA YA PAMWAMBA PA PHIRI

Ife a ku Chiparamba tizolowera kupeza madzi kunsi, m'madambo ndi m'zitsime. Koma ku Kenya iliko nyanja imene munthu aifika pokwera phiri tsiku lathunthu. Dzina lace ndi Michaelson.

Phiri la Kenya msinkhu wace ndi mapazi 17,057, pamene Chipata safika mapazi 4,000. M'caka ca 1849 mphunzitsi wa Mau, Ludwig Krapf, anaona nsonga yace yoyera, koma anzeru ena a ku Ulaya anamtsutsa, nati madzi sangaundane m'dziko lotentha lotere.

Kodi nyanjayo anaikumba ndani? Kalekale madzi oundana anaunjikana pamwambapo, nayamba kutsetsereka pang'onopang'ono pamodzi ndi miyala. Monga mphero isiya cikho pamwala pace, momwemo anapera thanthwe nasiya cigwa cakuya. Atasungunuka, madzi anadzaza dzenjelo.

Apaulendo adzera ku Chogoria, napyola nkhalango ndi nsungwi kufikira pothera mseu. Pamenepo alawira mbandakuca ali ndi mtsogoleri, kamba ndi zobvala zocindikala, pakuti masana mitambo iphimba njira, ndipo usiku cisanu ciposa ca mwezi wa June kwathu. Kumwambako mpweya ucepa. Wothamanga amva mutu ndi mseru, ndipo zikakula mankhwala ace ndiwo kutsika msanga. Woyenda mofatsa afika madzulo, naona nyanja ya madzi ozizira pakati pa matanthwe, pa mapazi ngati 13,000.

Madzi oturuka m'menemo ndiwo mtsinje wa Nithi, umene uthira m'Tana. Ndipo anthu ndi ng'ombe zao amwa, angakhale sanaione nyanjayo. Koma madzi oundana aja alinkutha, popeza dziko lapansi lilinkutentha. Mulu wina wochedwa Lewis unataya magawo ngati 9 mwa 10 kuyambira 1934 kufikira 2010. Cosunga mitsinje ya kumeneko makamaka ndico nkhalango ya m'mbali mwa phiri, yolandira mvula ndi kuiturutsa pang'onopang'ono.

Mapiri athu alibe madzi oundana. Ali nayo mitengo yokha. Tikaitha ndi nkhwangwa, makala ndi moto wa lupsa, Lutembwe ndi Msandile adzasefukira pa dzinja nauma pa malimwe.

Mafunso: Kodi mtsinje wa kwanu ucokera ku phiri liti? Ndani ayang'anira mitengo ya ku gwero lace?