Chenji cha pa Lundazi, ngongole ya pakhomo

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno kwa Magodi, wapabanja, wa ana awiri. Mwezi ukatha ndimapita pa boma pa Lundazi kukatapa malipiro, ndipo pobwerera ndimagulira ana tchipisi ndi nkhuku pa kalesitilanti kena, n'kunyamula. Ndili ku koleji ku Lusaka ndinazolowera kusiyira operekera zakudya kangachepe. Mwezi watha chakudya chinakwana K130, ndinapereka K150 n'kuuza mtsikana wa pakauntala kuti chenji asunge. Mayi akunyumba anali pomwepo. Njira yonse sanandilankhule, koma titafika anakauza apongozi anga, ndipo pano mudzi wonse ukuti mtsikanayo ndi chibwenzi changa, chonsecho ngakhale dzina lake sindilidziwa. Apongozi akuti wogula chonyamula sanatumikiridwe ndi munthu, nanga ndalamayo inali ya chiyani? Akulowetsamonso nkhani zosagwirizana, monga ya mwana wa mlamu wanga wa zaka 16 amene amatithandiza pakhomo, kuti miyezi inayi sitinamupatse malipiro ake, pamene akudziwa kuti tikudikira ndalama za soya. Kodi ndinalakwa kusiya chenjicho? Nanga pogula chakudya chonyamula, woyenera kupatsidwa ndani, ndipo zingati?

Mphunzitsi wosokonezeka, kwa Magodi

Aphunzitsi,

Nkhani imene mwaitcha yosagwirizana ndi imene yandipweteka mtima. Miyezi inayi! Mwana akudzuka kusanache, kusesa pabwalo, kutunga madzi, kusambitsa ana anu, kutsuka mbale, ndipo inu mwamutchula ngati kachitsotso kamene kagwera m'kalata mwangozi. Mukuti mukudikira ndalama za soya. Kodi malipiro a uphunzitsi nawonso amadikira soya? Tsiku limene munauza mlendo kuti asunge K20, malipiro a mwezi wathunthu anali m'thumba mwanu. Ya thiransipoti inapezeka, ya nkhuku inapezeka, ya chenji inapezeka. Ya mwanayu yokha ndiyo ikuyembekeza wogula soya.

Mu Januwale 2024 boma la Zambia linaika K1,300 kukhala malipiro otsikitsitsa a wantchito wa pakhomo pamwezi. Ndikudziwa chimene muyankhe, chifukwa ndachimva kwa ambiri: ameneyu si wantchito, ndi mwana wathu. Chabwino. Ngati ndi mwana wanu, akutani pakhomo m'mawa pamene inu mukunyamula choko kupita kukaphunzitsa ana a eni? Kuchokera mu Januwale 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka Giredi 12. Inuyo ndinu mphunzitsi, zimenezi mumazilengeza kwa makolo pamisonkhano. Sankhani chimodzi: akhale mwana, mumugulire yunifomu ndi makope; kapena akhale wantchito, mumulipire tsiku limene munapangana. Musamamutche mwana ikafika nthawi yolipira, n'kumamutcha wantchito ikafika nthawi yotunga madzi.

Funso lanu lenilenilo ndi losavuta, ndiye ndiliyankhe. Pogula chakudya chonyamula palibe lamulo kapena mwambo wokukakamizani kusiya kanthu. Chizolowezi chimenechi chinazika mizu ku America, kumene lamulo la dziko limalola kuti woperekera zakudya azilipidwa madola 2.13 okha pa ola, ndipo chiwerengero chimenechi sichinasinthe kuyambira 1991. Kumeneko ndalama imene wodya amasiya ndiyo malipiro enieni a munthu, n'chifukwa chake kusasiya kumaoneka ngati nkhanza. Ku Japan zinthu n'zosiyana: woperekera zakudya sayembekeza kanthu, ndipo ambiri amabweza. Kuno kwathu mahotela ndi malesitilanti akuluakulu amalemba okha 10 peresenti ya service charge pa bilu, imene imayenera kupita kwa antchito. Mukaiona pa pepala, mwalipira kale. Pa kalesitilanti ka mabenchi awiri ndi mbaula ya makala palibe zimenezo, ndipo mtima wanu ndiwo umalamula.

Pamenepa ndikutsutsana ndi apongozi anu. Si zoona kuti wonyamula chakudya sanatumikiridwe. Mbatata zija zinasendedwa ndi munthu, nkhuku inasosoledwa ndi munthu, ndipo pali wina amene waima pautsi ndi mafuta otentha kuyambira m'mawa. Kuti inu simunakhale pampando sikuchotsa thukuta lake. K20 yopatsa munthu wotere si tchimo, ndipo ife si mtundu woumira. Pamsika mayi wogulitsa tomato amakuikirani mbasela osapemphedwa. Pa ukwati, kapena pa mwambo wa Zengani kwanuko, wovina bwino timamufupa anthu onse akuona. Koma onani kuti pabwalo aliyense amadziwa chimene ndalamayo ikuthokoza. Pakauntala paja panalibe wodziwa. Bambo wapabanja, mphunzitsi wodziwika, akuuza mtsikana kuti asunge chenji, mkazi wake ali chilili pambali osauzidwa kanthu. Lundazi si Lusaka, kumene mumatuluka m'sitolo n'kusowa m'chigulu cha anthu. Amene anaima kumbuyo kwanu pamzere mwina ndi kholo la mwana wa m'kalasi mwanu, ndipo munakwera naye galimoto imodzi pobwerera.

Mukafuna kuthokoza ulendo wina, ndalamayo idzere m'manja mwa mayi akunyumba, kapena munene mokweza kuti iyi ndi ya sopo ya onse a kukhitchini. Amene akuyenera kwambiri nthawi zambiri saoneka n'komwe, ali kuseri ndi mpeni ndi ndowa. Kuchuluka kwake, K5 kapena K10 pa chakudya chonga chanucho ndi ulemu wokwanira, ndipo tsiku limene mulibe, "zikomo" wonenedwa moyang'ana munthu kumaso salakwira aliyense. Chimene sindifuna ndi kupereka koti anthu aone kuti munakhalako ku Lusaka. M'kalata yanu mwatchula Lusaka musanatchule mwana wa pakhomo panu, ndipo zimenezo zandiuza zambiri.

Za mayi akunyumba, analakwa kutengera nkhani kwa amayi awo asanakhale nanu pansi. Banja lili ndi ankhoswe, ndipo nkhani ya m'nyumba ikadumpha mwamuna n'kudumphanso ankhoswe imabwerera itamera nyanga. Komabe musafulumire kunena kuti ndi nsanje. Ganizani amene amakumana ndi maso a mwana uja m'mawa uliwonse. Inu mumapita kusukulu. Iwo ndiwo amatsala naye, ndiwo amamutuma, ndiwo amati "dikira, mwezi wamawa" akapempha ya mafuta odzola. Ndi mwana wa m'bale wawo. Kenako aone K20 ikuperekedwa kwa mlendo mosavuta chonchija. Kukhala chete kwa m'galimoto muja kunali manyazi a miyezi inayi, ndipo apongozi anu akamakalipa, akukalipira mdzukulu wawo. Pa nkhani imeneyo ali ndi chifukwa chonse.

Pamene alibe chifukwa ndi pa mphekesera ya chibwenzi, ndipo ngati wina angawawerengere tsamba lino, amve bwino. Amayi, pofuna kumenya mkamwini mwagenda mwana wa eni amene sanalakwe. Mtsikana wa palesitilanti uja anangolandira chenji. Mbiri yotere ikafika kwa mwini malo angathe kuchotsedwa ntchito, ikafika kwawo angathe kumenyedwa. Nayenso ali ndi agogo ake amene amamudera nkhawa monga mmene inu mukuchitira ndi mdzukulu wanu. Mukadaitana mkamwini n'kumufunsa za malipiro a mwanayo maso ndi maso, akadasowa poyankha. M'malo mwake mwamupatsa bodza loti azilimbana nalo, ndipo walipeza pobisalira.

Ndilankhulenso ndi inu nonse olandira malipiro pamwezi, aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, a ku Emusa, a pa Lundazi, a ku Chipata. Nyumba zambiri za inu zikuyenda chifukwa cha mwana amene munakamutenga kumudzi ndi lonjezo la sukulu kapena la kandalama. Pamaso pa alendo manja anu ndi otambasuka: kondakitala mumamusiyira chenji, pa perekaniperekani mumaponya kuti dzina lanu limveke pa chimkuzamawu. Koma waganyu amene anapalira munda wanu mu Disembala amabwera pakhomo kangapo, kuvula chipewa, kupempha ndalama yake yomwe ngati akupempha chithandizo. Mumatero chifukwa mukudziwa kuti sangakusumireni, sangakunyozeni pagulu, alibe kopita. Ine zimenezi zimandikwiyitsa kuposa kuumira kwenikweni, chifukwa woumira amamana aliyense, pamene inu mumasankha womana, ndipo mumasankha wofooka.

Tsono aphunzitsi, mwezi uno ukatha musayambire pa lesitilanti. Werengani za miyezi inayi zija, muzipereke m'manja mwa mwanayo mayi akunyumba ali pomwepo, ndipo mumupepese ndi pakamwa panu. Zikapanda kukwana zonse, perekani theka ndi kutchula tsiku la zotsalazo, osatchulanso soya. Mukatero tumani ankhoswe kwa apongozi akawauze kuti ngongole yatha, ndi kuwapempha kuti dzina la mtsikana wa pa Lundazi alichotse m'kamwa mwa anthu monga analiikiramo. Kenako mukhale pansi ndi mlamu wanu mukambirane za sukulu ya mwana wake, ndipo mudzandilembere kuti walowa giredi iti.

Azakhali