Dzino Likasiya Kupweteka, Musathamangire Kunena Kuti Lapola

Yendetsani lilime m'kamwa mwanu. Kodi muli ndi dzino limene anakumatani ndi kanthu koyera, kokhakhala pang'ono, n'kukuuzani kuti mudzabwerenso? Nanga munabwerera? Ngati simunabwerere, takhalani pansi tikambirane, chifukwa njira mukuyendayo ndinaona kumene imathera.

Mlamu wanga amakhala ku Chinsapo ndipo amagulitsa kaunjika. Dzino lake lakumbuyo, lotafunira, linabooka n'kuyamba kumusowetsa tulo. Atapita ku kiliniki ina ya mano m'tauni, dokotala anamubaya jakisoni wa dzanzi n'kupala zoola zonse, koma anapeza kuti bowo lafika pafupi ndi mtsempha. Anatseka ndi simenti yoyembekezera. "Mayi, izi si zomaliza," anatero. "Tikufuna tione kaye ngati mtsempha ukhazikike. Mubwerenso pakatha milungu iwiri tidzamate zenizeni." Tsiku linalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Milungu iwiri ija inasanduka miyezi. Mvula ikusiya, tinamunyamula usiku kuthamangira naye ku chipatala chachikulu, chibwano chitatupa mpaka m'khosi, malovu akulephera kumeza. Anamung'amba kuti mafinya atuluke, anamugoneka pa diripi, dzino lija n'kuzulidwa. Moyo wake unapulumuka, koma mpamba wonse wa bizinesi unathera pa matendawo.

Analakwitsa pati? Osati usiku umene anatupawo ayi. Analakwitsa m'mawa wa tsiku lolembedwa m'kabuku lija, tsiku limene anadzuka ali bwinobwino. Nditamukumbutsa anandiyankha kuti, "Alamu, dzino lapola. Ndikataye tsiku lonse pamzere pamene bero ndangotsegula kumene? Ndalama yokamatitsira ndiipeza kuti mwezi uno?" Mawu amenewa si a munthu wopusa. Ndi mawu a aliyense wa ku Kawale, ku Biwi kapena ku Mgona amene amadya za tsiku lomwelo, amene akajomba pa benchi lake ndiye kuti madzulo ana agona ndi njala. N'chifukwa chake ndikuti inunso mukhoza kugwa chimodzimodzi. Ululu ndi umene unakuthamangitsirani kwa dokotala. Ululuwo utatha, chatsala n'chiyani chokukankhani?

Muyenera kudziwa chimene chili m'dzino lanulo. Simenti yoyembekezera imene madokotala ambiri amagwiritsa ntchito ndi ufa wa zinc oxide wosakaniza ndi eugenol, mafuta ochokera ku clove, ndipo n'chifukwa chake mukatuluka m'chipindamo m'kamwa mumanunkhira zokometsera zakudya. Mafutawo amaziziritsa mtsempha wokwiya, ululu n'kuchepa. Palinso ina yotchedwa Cavit, imene imauma ikakhudzana ndi malovu, ndipo imeneyi ndi ya masiku owerengeka kapena milungu yochepa basi. Glass ionomer ndi yolimbirapo, imamatirira ku dzino ndiponso imatulutsa fluoride pang'onopang'ono, koma ikaikidwa moyembekezera iyeneranso kukaonedwa. Zoyamba ziwirizo anazipanga dala kuti zikhale zofewa, kuti dokotala asadzavutike pozichotsa. Zili ngati pepala la pulasitiki limene timayala padenga lodontha podikira malata: limatchinga mvula ya lero, koma palibe amene amayembekezera kuti lifika chaka chamawa. Zokhalitsa ndi zina, monga composite yofanana ndi mtundu wa dzino, amalgam yooneka ngati siliva, kapena chipewa chovundikira dzino lonse.

Mukamatafuna tsiku ndi tsiku, simenti yofewayo imaperepeseka, m'mbali mwake n'kutseguka timipata tosaoneka ndi maso. Malovu amalowa, tizilombo n'kulowa nawo, shuga wa m'tiyi ndi m'zakumwa zotsekemera n'kumatidyetsa. Kunja dzino limaoneka lotsekeka pamene m'kati likuola. Ngati simentiyo anaiika ali m'kati mochapa mizu ya dzino, ngozi yake ndi yaikulu kuposa apo, chifukwa dzinolo limakhala lagoba, nthawi zina muli kathonje ka mankhwala, ndipo likhoza kung'aluka mpaka kumuzu moti sangalipulumutsenso.

Zizindikiro zinalipo, ndipo mlamu anaziona zonse. Tsiku lina akudya chimanga chokazinga anamva kanthu ngati mchenga, n'kulavula kachidutswa koyera. Anangoti kanali kotsalira. Kenako ulusi wa nyama ndi masamba zinayamba kukakamira pamenepo, iye n'kumatokosa ndi kamtengo ka machesi, osadziwa kuti akukumba simenti yomweyo. M'kamwa munayamba kumveka kafungo kosatha ngakhale atsuke. Madzi ozizira ankamulasa, koma choopsa kwambiri chinali tiyi wotentha, amene ululu wake unkatenga nthawi osaleka. Usiku akagona dzino linkagunda ngati mtima. Kodi pa zimenezi palibe chimene mukuchizindikira?

Kenako ululu unatheratu wokha, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Mlamu anasangalala. Chimene chinachitika n'chakuti mtsempha unafa. Mtsempha wakufa sumva kutentha kapena kuzizira, koma tizilombo sitifa nawo. Timatsika ndi muzu kukafika m'fupa la chibwano. Dzino linayamba kuda. Akaluma ankamva ngati latalika kuposa anzake. Pa nkhama panatuluka kachiphuphu kamene kankaphulika, kutulutsa mafinya owawa, kuuma, n'kubwereranso. Kachiphuphu kameneko ndi khomo limene mafinya a kumuzu adziboolera. Tsiku limene khomolo latsekeka, mafinya amafunafuna njira ina.

M'malo mobwerera, mlamu anachita zimene timachita tonse. Anagula Bufen pa okala, n'kugulanso makapisozi angapo a amoxicillin, kumwa masiku awiri, kutupa kukaphwera n'kusiya. Mankhwala amenewa safika m'kati mwa dzino lakufa chifukwa mulibenso magazi oyenda owatengera kumeneko. Amangogonetsa vuto, ndipo kumwa modukizadukiza kumaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwalawo. Anansi nawo sanasowe malangizo. Wina anati aikepo aspirin wophwanya, amene amangowotcha nkhama n'kusiya chilonda. Wina anatchula brake fluid ndi madzi a batire. Chonde, abale anga, zimenezo ndi poizoni, zisayandikire m'kamwa mwa munthu.

Mafinya a dzino lakumunsi akalowa pansi pa lilime ndi m'khosi, matendawo amatchedwa Ludwig's angina, potengera dokotala wa ku Germany, Wilhelm Friedrich von Ludwig, amene anawafotokoza mu 1836. Kutupako kumakankhira lilime m'mwamba ndi kumbuyo mpaka kutseka njira ya mpweya, ndipo kumatha kupha munthu. Mukaona pansi pa chibwano patupa molimba ngati thabwa, pakamwa pakukanika kutseguka, malovu akungotayika, mawu asintha, thupi latentha, kapena kutupa kukukwera kulowera kudiso, musadikire kuti kuche. Pitani ku Kamuzu Central Hospital nthawi yomweyo. Odwala matenda a shuga, amayi oyembekezera ndi amene chitetezo chawo cha m'thupi n'chotsika asamale koposa, pakuti kwa iwo zimathamanga.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mwayi womatitsa dzino si wa aliyense m'dziko muno. Madokotala a mano ndi ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo ndondomeko ya dziko yosamalira umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ntchito yambiri m'zipatala za boma amaigwira ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo anthu ochuluka amafika kwa iwo mochedwa, dzino litangotsala kuzula. Inu munafika nthawi yabwino, wina n'kuyamba ntchito yolipulumutsa. Mukuisiyiranji pakati?

Musanadzuke pa mpando wa dokotala, funsani mosaopa: "Adokotala, chimene mwaikachi n'choyembekezera kapena chokhalitsa? Chikhala nthawi yaitali bwanji? Ulendo wachiwiri udzafuna ndalama zingati?" Mukadziwa mtengo, yambani kupatula tsiku lomwelo, ngakhale kudzera ku banki m'khonde. Podikira, tafunirani mbali inayo. Nzimbe, chingamu, maswiti omata ndi chimanga chokazinga zidikire kaye. Tsukani dzinolo mofatsa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, osalitokosa ndi pini kapena machesi. Simenti ikagwa, musatsekepo ndi thonje n'kukhala. Bwererani ngakhale tsiku lisanakwane.

Ngati ndalama ya ku kiliniki yolipira yakukanikani, musabisale kunyumba. Pitani ku chipatala chaching'ono cha boma, kaya ku Kawale kaya ku Area 25, mukafotokoze kuti akuuzeni koyenera kupita. Ngati tsiku lanu linadutsa kalekale ndipo mukuchita manyazi kukaonekera, pitanibe sabata ino, dzino lisanayambe kupweteka.