WODWALA CHIFUWA CHACHIKULU M'MWEZI WA RAMADHANI



Ambiri a ife a ku Salima ndi ku Nkhotakota tili ndi abale kumtunda, ku Bowe ndi m'midzi ina ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ena anapita kukalima fodya, ena amakagulitsa usipa m'misika monga wa Mponela. Kumeneko miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi nthaŵi ya njala: nkhokwe zatha, chimanga chatsopano sichinache. Mu 2025 Ramadhani unagwa mu Malichi, ndipo chaka ndi chaka umafulumira ndi masiku pafupifupi 11. Choncho kwa zaka zingapo funga izikumana ndi njala. Nanga mbale wathu akabwerera kunyanja ali woonda, akutsokomola, ndipo kuchipatala ampeza ndi chifuwa chachikulu, chimene ambiri amati TB, afunge kapena asafunge?

1. Njala ndi chifuwa zimaitanizana

Munthu wosadya mokwanira thupi lake limalephera kulimbana ndi tizilombo ta TB. Matendawo akamgwira amamlanda chilakolako cha chakudya, ndipo mnofu umatha. Kuondako ndi koopsa. Mu 2002 madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anasindikiza zimene anapeza ku Thyolo. Mwa odwala TB 1,181, anthu 57 pa 100 alionse anali opereŵera sikelo. Mwa amene anaonda kwambiri, pafupifupi 11 pa 100 anamwalira m'milungu inayi yoyamba ya mankhwala, pamene mwa enawo anali pakati pa 6 ndi 7 pa 100.

Musangoyang'ana ndi maso. Pemphani achipatala amuyeze sikelo ndi msinkhu. Mwachitsanzo, munthu wamkulu wotalika mita 1.60 akatsika pansi pa makilogalamu 47, ndiye kuti wapereŵera. Ayezetsenso HIV, pakuti matenda aŵiriŵa amayenda limodzi kaŵirikaŵiri.

2. Chilolezo cha wodwala

Mu Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, Allah analola wodwala kusiya kufunga ndi kudzabweza masikuwo pambuyo pake. TB ndi nthenda yochizika, choncho wodwala aŵerenge masiku amene wasiya, adzabweze akachira. Fidya, ndiko kudyetsa wosauka pa tsiku lililonse, ndi ya okalamba ndi amene matenda awo sayembekezeka kutha. Tisamnyoze m'bale wathu poona akudya masana, ndipo iyenso asachite manyazi n'kumadzikakamiza. Kulandira chilolezo cha Allah si kuchepa chikhulupiriro ayi.

Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma. Amamwedwa tsiku lililonse kwa miyezi 6: mitundu inayi pa miyezi iŵiri yoyamba, kenaka mitundu iŵiri pa miyezi inayi. Kudumphitsa masiku chifukwa cha funga kungachititse kuti chifuwa chibwerere chosamvanso mankhwala. Amene wayamba kupeza bwino ndipo akufuna kufunga, ayambe wafunsa dokotala, kenaka shehe wake. Mkodzo ukafiira chifukwa cha mapiritsi asaope, ndi mmene amachitira. Koma maso akachita chikasu kapena akamasanza, athamangire kuchipatala.

3. Udindo wa banja

Amayi ndi abambo, chakudya cha wodwala chisadikire futari. Mphika wake uziikidwa pamoto ngakhale ena nonse mwafunga. Adye pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku: phala lotsira nsinjiro kapena ufa wa soya, nsima ya usipa kapena utaka, nyemba, mazira, masamba otendera, nthochi ndi mango. Ife a kunyanja tili ndi nsomba, a ku Bowe ali ndi mtedza ndi soya. Tizitumizirana.

Ena a m'nyumba nawonso asaiŵalidwe. Mu 2023 kafukufuku wa ku Jharkhand, m'dziko la India, anaonetsa kuti mabanja a odwala TB atalandira chakudya mwezi ndi mwezi, chiŵerengero cha ogwidwa ndi nthendayi m'mabanjamo chinatsika ndi pafupifupi 40 pa 100. Choncho pogaŵa sadaka ndi Zakaatul Fitr, tiyambe takumbukira nyumba imene muli wodwala. Tsegulani mazenera kuti mphepo iziloŵa, ndipo aliyense amene watsokomola milungu iŵiri akayezetse makhololo.

Mafunso okambirana pambuyo pa Taraweh

1. Kodi wodwala TB abweze masiku kapena apereke fidya? Chifukwa chiyani?
2. Kodi pa mzikiti wathu tikudziŵa nyumba zingati zimene muli wodwala wosoŵa chakudya?
3. Ndani mwa ife adzapereke ufa, ndiwo kapena mafuta mlungu uno?

Allah awachize odwala athu ndipo alandire funga yathu. Ameen.